ONYOZA GALIMOTO ZAMAGETSI AYANKHE ALI PA MZERE WA PETULO

Pali gulu la anthu m'dziko muno limene lazolowera kuseka chinthu chilichonse chimene silinachimvetse. Anthu a gulu limeneli si mbuli ai. Ambiri mwa iwo anapita kusukulu, amavala mataye, ndipo amakhala m'maofesi a mu Lilongwe ndi mu Blantyre. Koma wina akangotchula za galimoto zoyendera magetsi, iwo amapukusa mutu nanena kuti zimenezo nza azungu, nzamaloto, ndi kuti dziko limene magetsi ake amazimazima lisayerekeze nkomwe kuziganizira. Chodabwitsa nchakuti mau amenewa amawalankhula ali pa mzere wa petulo, atagona m'galimoto usiku wonse kudikira thanki imene palibe akudziwa tsiku limene idzafike. Munthu amene wataya masiku awiri pa malo omwetsera mafuta, nagula malita asanu kwa anyamata a zigubu pa mtengo wowirikiza, alibe chifukwa chosekera mnzake amene akufunafuna njira ina.

Nkhani imeneyi si yoseweretsa. Mizere imene inaoneka pa malo omwetsera mafuta m'zaka za 2022, 2023 ndi 2024 sinadze mwangozi. Dziko la Malawi silikumba mafuta a galimoto ngakhale dontho limodzi. Lita iliyonse ya petulo kapena dizilo imayamba yakwera sitima ya panyanja, nitsikira pa doko la Beira, la Nacala kapena la Dar es Salaam, kenaka nkuyenda makilomita mazanamazana isanalowe mu thanki ya minibasi ya ku Ndirande. Ogulitsa mafutawo salandira kwacha, amafuna madola. Madolawo ndi omwe aja amene mlimi wa fodya wa ku Kasungu ndi wothyola tiyi wa ku Thyolo amawakhetsera thukuta, ndiponso ndi omwewo amene amafunika pogula feteleza ndi mankhwala a m'zipatala. Pamene ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa ulendo uliwonse unakwera, ndipo pamodzi nawo unakwera mtengo wa chimanga, sopo ndi mchere. Mafuta akasowa ambulansi imaima, chigayo cha dizilo chimakhala chete, ndipo tomato wa ku Ntcheu amaolera m'madengu m'mbali mwa msewu.

Vutoli silinayambe dzulo. M'chaka cha 1973 maiko a Aluya ogulitsa mafuta anachepetsa malonda awo, ndipo m'miyezi yowerengeka mtengo wa mgolo umodzi unachoka pa madola atatu kufika pafupifupi madola 12. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala, kotero kuti katundu wa dziko lino anayamba kuzungulira njira zazitali ndi zodula. Mu Malichi 2022, nkhondo ya ku Ukraine itangoyamba, mgolo unapitirira madola 120. Pa nthawi zonsezi Mmalawi sanaputepo munthu, koma ndiye analipira. Amene anali ndi maso m'masiku apitawo anachitapo kanthu. Mu 1982 ku Dwangwa kunatsegulidwa fakitale yopanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, ndipo dziko lino linakhala limodzi mwa maiko oyamba mu Africa kusakaniza ethanol ndi petulo. Ganizo lothira za m'munda wa nzimbe mu thanki ya galimoto linali lachilendo pa nthawiyo monga momwe ganizo la batire lilili lero, koma linapulumutsa madola amene akanapita kunja.

Amene akufuna kudziwa ngati dziko losauka lingathe kuganiza za galimoto zamagetsi asayang'ane ku London kapena ku California. Ayang'ane ku Ethiopia. Dziko limeneli lilibe doko chichokereni Eritrea mu 1993, ndipo katundu wake woposa 90 peresenti amadzera pa doko la Djibouti. Limaononga madola oposa 4 biliyoni pa chaka pogula mafuta kunja. Mu Disembala 2023 linalephera kulipira chiwongoladzanja pa ngongole yake ina ya kunja. Komabe magetsi ake ambiri amachokera ku madzi a m'mitsinje yake. Atsogoleri a kumeneko anaona kuti si nzeru kukongola madola ogulira mafuta pamene mitsinje ikupanga mphamvu pakhomo pomwe. Mu 2022 anachotsa misonkho yambiri pa galimoto zamagetsi, nachepetsanso kwambiri msonkho wa zipangizo zobwera kudzalumikizidwa m'dziko momwemo. Kumayambiriro kwa 2024 analengeza kuti galimoto zing'onozing'ono za petulo ndi dizilo zisalowenso m'dzikomo, ndipo Ethiopia linakhala dziko loyamba pa dziko lonse lapansi kuchita zimenezi. Mu Sepitembala 2025 anatsegula damu lalikulu la pa mtsinje wa Blue Nile, limene ntchito yake inayamba mu 2011, ndipo mphamvu yake ndi mamegawati oposa 5,000.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo matope ku Ethiopia alipo ndithu. Malo ambiri otchajira galimoto ali mu mzinda wa Addis Ababa, kotero kuti woyenda ulendo wautali wa kumidzi amayenda mtima uli m'mwamba. Amakaniko odziwa za mabatire ngochepa, zipangizo zosinthira zimavuta kupeza, ndipo pafupifupi theka la anthu a m'dzikomo alibe magetsi m'nyumba zawo. Lamulo linathamanga kuposa mawaya. Palibe munthu wanzeru amene anganene kuti dziko la Malawi litengere lamulo limeneli mawa lomwe. Phunziro lake lili pena. Anthu a ku Ethiopia sanachite izi pofuna kukondweretsa azungu kapena kutsata fashoni. Anawerengera ndalama zawo, napeza kuti mafuta akudya dziko. Ndiponso sanayambire pa galimoto ya bwana. Sitima yamagetsi ya mu mzinda wa Addis Ababa inayamba kunyamula anthu mu 2015, ndipo njanji yamagetsi ya makilomita pafupifupi 750 yopita ku Djibouti inayamba malonda ake mu 2018.

Onyoza amati galimoto zamagetsi ndi chidole chatsopano cha anthu okhuta. Mbiri ikuwatsutsa. Galimoto yoyamba kuthamanga liwiro loposa makilomita 100 pa ola inali yamagetsi, ndipo anaiyendetsa ndi Camille Jenatzy wa ku Belgium m'chaka cha 1899, pafupi ndi mzinda wa Paris. Cha m'ma 1900 pafupifupi galimoto imodzi mwa zitatu zilizonse ku America inali ya batire. Petulo anapambana pambuyo pake kaamba koti mafuta anatchipa, Henry Ford anatulutsa galimoto yotsika mtengo ya Model T mu 1908, ndipo mu 1912 kunabwera sitata yolizira injini popanda kupukusa chitsulo ndi dzanja. Mabatire a nthawiyo anali olemera ndi osachedwa kutha moto. Chimene chasintha tsopano ndi batire la lithium, limene mtengo wake unatsika ndi pafupifupi 90 peresenti pakati pa 2010 ndi 2024. M'chaka cha 2024 pa dziko lonse panagulitsidwa galimoto zotchaja zoposa 17 miliyoni, kuphatikizapo zimene zili ndi injini yothandizira, ndiko kunena imodzi mwa galimoto zisanu zilizonse zatsopano. Zoposa 11 miliyoni mwa izo zinagulitsidwa ku China. Motero mau akuti izi nza azungu ngopanda mutu, pakuti amene akutsogola popanga ndi pogula ndi Atchaina.

Mfundo yachiwiri ya onyoza ndiyo yolemera, ndipo iyenera kuyankhidwa mwachilungamo. Iwo amafunsa kuti munthu adzatchaja ndi chiyani galimoto m'dziko limene babu la m'chipinda limalephera kuyaka usiku wonse. Nzoona kuti magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Nzoona kuti mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, ndipo mamegawati pafupifupi 130 anasowa kwa nthawi yoposa chaka. Nzoonanso kuti chilala cha 2024 chinaphwetsa madzi a ku Kariba, ndipo anthu a ku Lusaka ankakhala mbali yaikulu ya tsiku opanda magetsi. Amalawi amene nyumba zawo zili pa mawaya a ESCOM sakwana mmodzi mwa asanu alionse. Zonsezi palibe angazikane.

Koma kodi zimenezi zikutanthauza chiyani? Zikutanthauza kuti magetsi ayenera kuchulukitsidwa, osati kuti dziko lipitirize kukhala kapolo wa sitima za mafuta. Pakati pa petulo ndi magetsi pali kusiyana kumodzi kumene onyoza safuna kukutchula: magetsi angathe kupangidwa ku Malawi, petulo ai. Dzuwa la ku Salima silidzera pa doko la Beira. Mu 2021 ku Salima kunatsegulidwa malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60, ndipo mu 2022 ku Golomoti kunatsegulidwa ena a mamegawati 20 okhala ndi mabatire osungira moto. Pa Shire pomwepo, ku Mpatamanga, pali malo amene akatswiri anayeza kuti angapereke mamegawati oposa 350. Dola imene yagula chipangizo cha sola imagwira ntchito zaka zoposa 20. Dola imene yagula petulo imapsa tsiku lomwelo, nituluka ngati utsi kumbuyo kwa galimoto, ndipo mawa pafunika ina.

Munthu atakhala pansi ndi pensulo angaone yekha kuti chiopsezo chimene onyoza amakuza nchaching'ono. Njinga yamoto ya kabaza imene yayenda makilomita 100 pa tsiku imamwa petulo pafupifupi malita awiri ndi theka. Njinga yamagetsi yofanana nayo imadya mayunitsi a magetsi osapitirira asanu pa mtunda womwewo. Njinga 10,000 zoterezi zingafune mayunitsi 50,000 pa tsiku, ndipo malo a ku Salima aja angathe kupanga mayunitsi amenewa m'ola limodzi la dzuwa lowomba bwino. Njinga zomwezo zitakhala za petulo zingamwe malita 25,000 tsiku ndi tsiku, pafupifupi thanki yathunthu ya pa msewu wa ku Beira. Ndiponso batire silisankha nthawi yodyera. Lingathe kutchajidwa masana pamene dzuwa lili pamutu, kapena pakati pa usiku pamene mafakitale atseka ndipo anthu agona, kusiya nthawi ya madzulo imene aliyense amafuna magetsi ophikira ndi ounikira.

Chifukwa chimene magetsi ochepa chotere amayendetsera mtunda wautali nchosavuta kumva. Injini ya petulo ndi mbaula yoyenda. Pa malita anayi alionse amene yamwa, pafupifupi atatu amatayika monga kutentha ndi utsi, ndipo nchifukwa chake pamafunika madzi ndi fani yoziziritsa. Mota ya magetsi imafikitsa ku matayala magawo oposa atatu mwa anayi a mphamvu imene yalandira. Galimoto yamagetsi ikaima pa mzere wa pa mlatho wa Lilongwe siidya kanthu, pamene ya petulo imangolira nimwa mafuta ili chiimire. Potsika phiri la Chiweta kapena la Khwekhwerere, mota imasanduka jenereta nibwezera moto mu batire, pamene lole ya dizilo imangotentha mabuleki. Mulibe oilo wosintha, mulibe mapulagi, mulibe kilatchi. Mwini minibasi aliyense amene amadziwa ndalama zimene amasiya ku galaja pa mwezi akumvetsa tanthauzo la zimenezi.

Za mtengo wogulira, onyoza akunena zoona pang'ono. Galimoto yamagetsi yatsopano njodula kwa Mmalawi wamba, monga momwe galimoto iliyonse yatsopano ilili yodula. Koma phindu la magetsi limabwera pa kilomita iliyonse imene galimoto yayenda, kotero woyamba kupindula ndi amene amayenda kwambiri: wa kabaza, wa minibasi, wa takisi ndi wonyamula katundu m'tauni. Ku Kigali, m'dziko la Rwanda, woyendetsa njinga yamagetsi sagula batire ai. Likatha moto amakalisiya pa siteshoni natenga lodzaza m'mphindi zowerengeka, monga munthu wosinthitsa botolo lopanda kanthu ku golosale. Kuyambira mu Januwale 2025 boma la kumeneko linaleka kulembetsa njinga zatsopano za petulo zonyamula anthu mu mzindawo. Ku Nairobi mabasi amagetsi a kampani ya BasiGo anayamba kunyamula anthu mu 2022. Ku Shenzhen, m'dziko la China, mabasi onse a mu mzinda, oposa 16,000, anali atasanduka amagetsi pofika kumapeto kwa 2017. Rwanda si dziko la azungu, ndipo lilibe doko monga momwe Malawi alibirenso.

Ena amati galimoto yamagetsi imangosamutsa utsi kuuchotsa pa msewu kupita nawo ku fakitale. Nzoona kuti kupanga batire kumatulutsa mpweya woipa wochuluka, kotero kuti galimoto yamagetsi imayamba moyo wake ili ndi ngongole. Koma ngongoleyo imabwezedwa poyenda, pakuti lita iliyonse ya petulo ikapsa imatulutsa makilogalamu oposa awiri a mpweya wa kaboni. Bungwe la International Council on Clean Transportation linawerengera zonsezi mu 2021, kuyambira ku mgodi mpaka galimoto itatha ntchito, ndipo linapeza kuti ngakhale ku India ndi ku China, kumene magetsi ambiri amachokera ku malasha, galimoto ya batire imaipitsa mlengalenga mochepa kuposa ya petulo. Nanga kuli bwanji m'dziko limene magetsi ake ngamadzi ndi dzuwa? Kunena zoona, si galimoto za ku Limbe zimene zinaitana namondwe wa Freddy, amene mu Malichi 2023 anapha Amalawi oposa 600 ndi kusowetsa ena mazanamazana. Africa yense satulutsa ngakhale magawo asanu mwa 100 a mpweya wa kaboni wochokera ku mafuta ndi malasha. Koma utsi wakuda wa minibasi yakale pa msewu wa Chipembere saupuma ndi mzungu. Amaupuma ndi mai wogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu ndi mwana amene ali kumsana kwake.

Tsono pali gulu lachiwiri limene liyenera kudzudzulidwa mofanana ndi onyoza, mwinanso koposa. Awa ndi anthu amene amva kuti galimoto zamagetsi zili m'fashoni, ndipo akuganiza kuti chitukuko ndicho bwana aliyense kukhala ndi galimoto yonyezimira yotchaja pa khonde. Amalankhula Chingerezi chokoma pa misonkhano ya m'mahotela, napempha kuti boma lichotse msonkho wonse, koma m'mtima akuwerengera galimoto yachitatu ya pa banja lawo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Galimoto yamagetsi imatseka msewu monga momwe ya petulo imatsekera. Imagunda mwana wa sukulu chimodzimodzi. Imadya matayala ndi phula, ndipo kawirikawiri imalemera koposa kaamba ka batire. Ku America kuli galimoto ya GMC Hummer yamagetsi yolemera matani oposa anayi, imene batire lake lokha limasunga mayunitsi oposa 200. Batire limodzi limeneli lingakwanire njinga za kabaza 50. Kunena kuti chinthu choterechi chikupulumutsa dziko nkunyoza nzeru za anthu.

Anthu a gulu limeneli amakonda kutchula dziko la Norway, kumene mu 2024 galimoto pafupifupi 89 mwa 100 zilizonse zatsopano zinali za batire. Chimene satchula nchakuti Norway ndi dziko la anthu ochepa, lolemera ndi ndalama za mafuta ndi gasi amene limagulitsa kunja, ndipo linatha kukhululukira msonkho wa 25 peresenti kwa zaka zoposa 20. Ngakhale iwo omwe, kuyambira mu 2023, anayamba kudula msonkho pa galimoto zamagetsi zodula kwambiri. Dziko limene anthu ake ambiri amayenda pansi, pa njinga yakapalasa kapena mothithikana m'minibasi silingatengere njira ya Norway. Msonkho umene wakhululukidwa pa galimoto ya munthu wolemera ndi mankhwala amene asowa pa chipatala cha kumudzi. Ngati pali chokhululukira, chikhululukidwe pa basi, pa minibasi, pa njinga ya kabaza, pa ambulansi ndi pa zipangizo zotchajira. Mayendedwe okhalitsa ndi amene amanyamula anthu ambiri ndi mphamvu yochepa, ndipo amafunanso njanji yonyamula katundu wolemera, njira za oyenda pansi ndi za njinga m'mbali mwa misewu.

Palinso ngozi ina imene magulu awiri onsewa saiona. Maiko olemera akamasiya galimoto za petulo, galimoto zawo zakale sizisungunuka ai, zimakwera sitima. Bungwe la United Nations loona za chilengedwe linapeza kuti pakati pa 2015 ndi 2018 maiko a ku Ulaya, America ndi Japan anatumiza kunja galimoto zakale 14 miliyoni, ndipo pafupifupi 40 peresenti ya izo inabwera ku Africa. Dziko limene lingogona lidzasanduka dzala la dziko lonse lapansi, choyamba la galimoto zofuka utsi, kenaka la galimoto zamagetsi zimene mabatire ake atopa. Munthu wogula galimoto ya petulo yakale amamvera kulira kwa injini nadziwa ngati ili bwino. Batire sililira. Lingaoneke lokongola kunja pamene m'kati latsala theka la moyo. Pafunika lamulo lakuti galimoto yamagetsi iliyonse yolowa pa chipata cha Songwe, Mwanza kapena Dedza ikhale ndi umboni wa thanzi la batire lake, ndi kuti woitanitsa adziwike kumene adzalipititse likadzatha ntchito. Anthu amene amaswa mabatire akale a mtovu kuseri kwa misika, asidi nkumayenderera m'ngalande, akusonyeza kale zimene zimachitika lamulo likasowa.

Mbali yotsiriza ya nkhaniyi ili pansi pa nthaka. Batire ndi mota zimapangidwa ndi miyala, ndipo yambiri mwa miyalayo ili m'chigawo chino cha Africa. Dziko la Democratic Republic of Congo limakumba pafupifupi 70 peresenti ya cobalt wa dziko lonse, ndipo mu 2016 bungwe la Amnesty International linaulula kuti m'migodi ina ya kumeneko munkagwira ntchito ana. Zambia ili ndi kopa, amene galimoto yamagetsi imamufuna mowirikiza kawiri kapena kuposa poyerekeza ndi ya petulo. Zimbabwe ili ndi lithium ku Bikita ndi kwina, Mozambique ili ndi graphite ku Balama. Ku Malawi konkuno graphite ali ku Kasiya m'boma la Lilongwe, ndipo ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi ku Songwe Hill m'boma la Phalombe kuli miyala ya mtundu wa rare earth imene imalowa mu maginito a mota. Onyoza angathe kukana galimoto zamagetsi, koma ogula miyala afika kale. Funso nlakuti kodi chigawo chino chidzangokhala chokumba maenje, nkumagula pa mtengo wa golide chinthu chopangidwa ndi dothi lake lomwe? Mu Epulo 2022 Zambia ndi Congo anasainirana pangano logwirira limodzi ntchito yopanga zipangizo za mabatire, ndipo mu Disembala chaka chomwecho Zimbabwe inaletsa kutumiza kunja miyala ya lithium yosayengedwa. Anansi amenewa adzuka. Wogona ndiye adzatsala ndi maenje.

Zofunika kuchita nzodziwikiratu, ndipo sizifuna zozizwitsa. Magetsi achuluke, ndipo asadalire mtsinje umodzi wokha. Malo otchajira ndi osinthira mabatire amangidwe poyamba m'madepoti a mabasi ndi m'masiteji a kabaza, kenaka m'mbali mwa msewu wa M1 kuchokera ku Nsanje mpaka ku Karonga. Sukulu za ntchito zamanja monga Soche, Nasawa, Lilongwe ndi Mzuzu ziphunzitse anyamata ndi atsikana kukonza mota ndi mabatire galimotozo zisanachuluke, pakuti batire la galimoto lili ndi moto wokwana kupha makaniko wosadziwa. Aphungu aganizirenso msanga za ndalama zokonzera misewu, chifukwa mbali yaikulu ya ndalamazo imatengedwa pa lita iliyonse ya mafuta, ndipo galimoto yosamwa mafuta iyenera kulipira gawo lake mwa njira ina, monga pa zipata zolipirira za ku Chingeni ndi ku Kalinyeke. Malole akuluakulu a maulendo aatali adzamwabe dizilo kwa zaka zambiri, ndipo ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa akali ndi ntchito yake. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Amene akuseka apitirize kuseka ngati afuna, koma ayankhe funso limodzi lokha. Ngati njira ya magetsi njamaloto, njira yawo ndi iti? Zaka zoposa 50 zapita chichitikireni mavuto a 1973, ndipo yankho lawo likadali lomwelo: kukongola madola ena, kuitanitsa thanki ina, ndi kuima pa mzere wina. Mlimi amene nkhokwe yake imadontha chaka ndi chaka samangoonjezera chimanga, amafolera denga. Wa kabaza wa ku Kigali amasintha batire lake nabwerera ku ntchito pamene mnzake wa ku Mchesi wataya tsiku lathunthu akukankha njinga kufunafuna malita awiri. Ana a onse awiri amadikira ufa madzulo, koma mmodzi yekha ndiye amabwera nawo.